Amithenga Oona ndi Onama m'Dziko la M'mbelwa

Munthu woyenda pamsewu wochoka pa Jenda kulowera ku Embangweni, kapena wochoka paboma la Mzimba kupita ku Edingeni, akamaona nyumba za njerwa zootcha zofolera malata, ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, zigayo ndi timagolosale tondandana m'dera limene mulibe mgodi waukulu kapena fakitale yolemba anthu ambiri, adziwe kuti zambiri mwa zimene maso ake akuonazo sizidamere m'nthaka imeneyi, koma zidachita kuyenda ulendo wautali kuchokera kumwera, kuoloka Limpopo ndi Zambezi, zisanafike m'manja mwa eni ake. Kwa zaka zoposa zana limodzi dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa lakhala likutumiza ana ake aamuna kukagwira ntchito kutali, ilo n'kumalandira ndalama m'malo mwawo. Ndipo popeza ndalama ilibe miyendo, m'mibadwo yonseyi pakhala pali wina woinyamula, amene wotumiza ndi wolandira ayenera kumukhulupirira onse awiri. Kuba kumene kwabuka lero m'mafoni ndi m'makalata a pa intaneti, kumene kukuliritsa amayi ku Engutwini, ku Manyamula ndi ku Luwerezi, ambiri amakuyesa mliri wachilendo wodza ndi makina; koma wofufuza mbiri apeza kuti mthenga woona uja sadayendepo yekha chiyambire, pakuti pambuyo pake pakhala pakulondola munthu wina wobwereka malaya ake, mawu ake ndi dzina lake.

Angoni a Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu Novembala 1835 pa tsiku limene dzuwa lidadetsedwa, sadali anthu osamala za ndalama, chifukwa chuma chawo chidali ng'ombe, ndipo mkondo ndiwo unkadzaza khola. Koma m'zaka zoyambirira za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe udapululutsa makola. Mu 1904 mkulu wa boma la atsamunda, Alfred Sharpe, adakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, dziko n'kulowa pansi pa boma popanda nkhondo. Ndipo pofika 1906 msonkho wa nyumba udayamba kutoleredwa, wofuna ndalama zasiliva zimene m'midzi zidali zosowa. Pa nthawi yomweyo sukulu za mishoni ya Livingstonia, makamaka zoyang'aniridwa kuchokera ku Loudon, kumene m'busa Donald Fraser adakhazikika mu 1902, zinkatulutsa anyamata odziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu, amene kwawo kuno kudalibe wowalemba ntchito, popeza minda ya Azungu idali kutali ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo malipiro ake adali osakwanira kugula ng'ombe za malowolo. Motero amuna adanyamuka wapansi, m'magulumagulu poopa zilombo ndi achifwamba, kulowera ku Harare, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya ku Wankie, ndipo olimba mtima adapitirira kufikira ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Ngakhale pamene boma la South Africa lidaletsa Wenela, bungwe lolembera anthu kumigodi, mu 1913 kulemba anthu a m'maiko otentha, chifukwa chibayo chinkawatha m'migodi, njirayo sidamere udzu. Anthu adapitabe paokha, ulendo umene kufikira lero umatchedwa wa selufu.

M'masiku amenewo positi ya munthu wamba idali mnzake wobwerera kumudzi. Mwamuna amene watha zaka ziwiri ku Bulawayo akamva kuti mwana wa mudzi woyandikana ndi kwawo akunyamuka, ankamupatsira mashiling'i omanga pakansalu, bulangete la amayi ake, nsalu ya mkazi wake, ndi mawu oti akanene. Ndipo wopatsiridwayo ankasenza katundu wa mabanja angapo pamodzi ndi wake womwe, n'kuyenda naye milungu yambiri. Akafika sankazembera kunyumba ya mkazi wa mnzake, chifukwa mwambo wa Angoni sulola zotero. Ankayamba wafika pasangweni, pakhomo pa khola pamene madoda amakhala, n'kulonjeredwa, n'kufunsidwa dzina, chiwongo ndi mudzi wa atate ake, n'kupatsidwa madzi ndi nsima. Ndipo mimba itakhuta, mtima utatsika, ndi pamene mfundo ya kansalu kaja inkamasulidwa, ndalama n'kuwerengedwa pamphasa imodziimodzi, atate a mwini ndalama akuona, abale ake akuona, mkazi wake atagwada chapatali akuonanso. Mwambo umenewu wina angauyese ulemu chabe, koma udalinso linga, pakuti mboni zidali zambiri ndipo nthawi idalipo yokwanira kumuyesa munthu.

Akuluakulu amasimba kuti ngakhale apo onyenga sadasowe. Pankatulukira munthu wovala jekete lakutha ndi chipewa chachilendo, wodziwa mawu awiri atatu a chilankhulo cha m'migodi, amene adatola maina a anthu pochezera moto ndi apaulendo m'njira. N'kunena mwachisoni kuti mwana wa pamudzipo wadwalira m'njira masiku angapo kuchokera pano, kapena wagwidwa chifukwa chosowa chitupa, ndipo pafunika kandalama kapena mbuzi kuti akamuombole. Ndiwo machenjerero a Agibeoni aja, amene adavala nsapato zakutha ndi kunyamula mkate woumbuwa kuti Yoswa awayese anthu ochokera kutali, chikhalirecho adali a tsidya lomwelo. Koma ntchito ya wonyenga wa nthawi imeneyo idali yolemetsa ndi yoopsa, chifukwa ankayenera kuonetsa nkhope yake, kugona pamudzipo, ndi kuyankha mafunso a madoda: chipsera cha mwana wathuyo chili mwendo uti, ng'ombe imene adasiya m'kholamu ndi yamaanga otani, ndipo adanyamuka ndi yani? Mlendo ndi mame, amatero akale, koma nkhope ya mlendo wonama inkatsala m'maso mwa mudzi wonse, ndipo mbiri yake inkamutsogolera kumidzi ya patsogolo. Phindu lake lidali nkhuku, mphale ya paulendo, mwina mashiling'i owerengeka.

Kalata idafika ngati chithandizo chachikulu, ndipo idalidi chithandizo. Amene adali ndi mnzake wophunzira ankalembetsa mawu ake, n'kuika positala oda m'kati, kapena n'kutumiza ndalama pa rejisitala, ndipo kalatayo inkafika paboma kapena pamishoni, n'kukaperekedwa kwa mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, amene Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankaimasula pansi pa mtengo n'kuwerengera eni ake mokweza mawu. Mboni zidalipobe, ngakhale zidachepa. Koma nkhope ya mthenga idachoka, ndipo cholowa m'malo mwake, ndicho malembedwe a dzanja, chidali umboni wosalimba, popeza wotumiza sadalembe yekha ndipo wolandira sadawerenge yekha. Kalata yolembedwa ndi mlembi wa m'komponi inkafanana ndi kalata ina iliyonse yolembedwa ndi mlembi wa m'komponi. Apa mpamene chinyengo chidayamba kuyenda mbali ziwiri. Kumudzi kunkafika kalata yopempha ndalama ya ulendo m'dzina la mwana amene sadalembe kanthu. Ndipo kumigodi kunkafika kalata kapena telegalamu yonena kuti bambo amwalira, ng'ombe zalandidwa pamlandu, ndalama zitumizidwe kudzera mwa uje, mwamuna n'kulira maliro a atate ake amene ali moyo.

Chimene chidapatsa mphamvu makalata otere chidali chilonda cha matchona. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri mwa iwo adali atatayika, osalemba, osatumiza, osadziwika ngati ali moyo. Ndipo maboma a kumpoto ndiwo adali pakati pa osautsidwa koposa. Mayi amene mwana wake watha zaka khumi osamveka, akalandira pepala lonena kuti mwanayo ali moyo ndipo akufuna kubwera koma wasowa ya sitima, sangakhale pansi n'kuyamba kufufuza sitampu. Amagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Ndipo asanene wina kuti uku kudali kusaphunzira kwa anthu athu, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 amalonda ophunzira a ku Britain ndi ku America ankalandira makalata onena za munthu wolemera womangidwa m'ndende ya ku Spain, amene akufuna kandalama kochepa kuti atuluke n'kugawana nawo chuma chake chobisika, ndipo ankatumiza. Awo ankakodwa chifukwa cha dyera. Mayi wa ku Emfeni ankakodwa chifukwa cha chikondi cha pa mwana, ndipo kusiyana kumeneku sikuyenera kuiwalika.

Nyengo ya Wenela, imene idabweranso m'zaka za m'ma 1930 n'kukula kwambiri nkhondo yachiwiri itatha, pamodzi ndi Mthandizi wolembera anthu ku Rhodesia, idatsekako mipata ina, chifukwa gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu akalandirire kwawo, ndipo polandira pankafunika buku lake, nambala yake ndi chidindo cha chala chake. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Mu 1977 ntchitoyo idayambanso pang'ono pansi pa TEBA, imene ife timati Theba, ndipo mu 1988 idatha chifukwa cha mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Koma ngakhale Theba adatha, mthunzi wake udatsalira onyenga, pakuti nkhalamba zimene zidasiya mphamvu zawo pansi pa nthaka ya Joni zakhala zikudikira ndalama zawo za penshoni ndi za chipepeso zaka zambiri, ndipo munthu wodikira savuta kumuuza kuti dzina lake latuluka, angopereka kandalama ka fomu. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa mabiliyoni 5 a randi wolipira amene adadwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ya golide ndi TB, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust, limene lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, lakhala likuchenjeza kuti kulembetsa n'kwaulere. Chenjezo lotere siliperekedwa pamene palibe okolola pamene sadafese.

Chaka cha 1994, pamene tsankho lidagwa ku South Africa ndipo kuno ulamuliro wa chipani chimodzi udatha, chidatsegula chipata chimene sichidatsekedwenso. Anyamata a Mzimba, ndipo tsopano ndi atsikana omwe, adakhamukira ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluwa, za m'masitolo ndi za zomangamanga, ambiri opanda mapepala okwanira, motero opanda mwayi wotsegula akaunti kubanki. Pamenepo padauka mthenga watsopano, amene ali mdzukulu weniweni wa woyenda wapansi uja, ndiye thiransipota: mwana wa m'dera lomwelino amene adagula galimoto ndi ngolo yake, wonyamula anthu popita, ndipo pobwera wonyamula njinga, mawailesi, mipando, masola, mabulangete ndi maenvelopu a ndalama olembedwa maina, kudzera pa Beitbridge, pa Harare, pa Nyamapanda, pa mlatho wa Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Mwanza kapena pa Dedza. Akatswiri monga Jens Andersson ndi Harvey Chidoba Banda adalemba za malonda amenewa, ndipo chimene chimaonekera kwa aliyense wowayang'anitsitsa n'chakuti chikole cha thiransipota sichidali pepala lililonse, koma mudzi wake: atate ake amadziwika, khola lake limadziwika, ndipo akadya ndalama ya munthu mlandu umakathera kwa anduna kapena kwa inkosi, ng'ombe yake n'kutuluka. Alipo amene adasowa ndi katundu wa eni, ndipo maina awo amakumbukidwa m'midzi yawo. Koma ambiri adasunga chikhulupiriro, ndipo nyumba za malata zija ndiwo umboni wawo.

Foni ya m'manja idafika mwakachetechete. TNM idayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel mu 1999, imene idasanduka Zain kenaka Airtel. Ndipo Kenya itasonyeza ndi M-Pesa mu 2007 kuti ndalama ingathe kuyenda pafoni, Airtel Money idayamba kuno mu 2012 ndipo Mpamba mu 2013. Makampani otumiza ndalama kuchokera kunja monga Mukuru adatsegula njira yoti randi yoperekedwa ku Johannesburg m'mawa isanduke kwacha pa Jenda dzuwa lisanapendeke. Ndinene mosabisa kuti chinthu chimenechi n'chabwino, ndipo wochinyoza sadaonepo mayi ali ndi mwana wodwala pachipatala cha Embangweni, mankhwala akufunika lero, mwamuna ali kutali makilomita oposa 2,000, ndalama n'kufika asanamalize kupukuta misozi. Ulendo umene unkatha miyezi wapansi, milungu pa positi, masiku pagalimoto, tsopano ukutha munthu asanameze malovu. Koma walira mvula walira matope. Liwiro lomwelo limene limapulumutsa mwana ndi limene limachotsa ndalama m'manja mwa amake asanafunse munthu.

Machitidwe ake ali otere. Foni imalira masana, mayi ali kumunda kapena pachitsime, nambala yosadziwika, ndipo mawu aulemu, mwina m'Chichewa, mwina m'Chitumbuka chobwereka, amati, "Moni amama. Ndine thiransipota, ndikuchokera ku Joni. Mwana wanu wandipatsira katundu wanu, koma ndaima pano pa boda, a msonkho agwira galimoto, ndipo akuti ndikapanda kulipira lero alanda zonse." Mayi uja mtima uli phaphapha amafunsa, "Kodi wakupatsirani ndi wamkulu uja wa ku Cape Town, kapena mng'ono wake?" Ndipo mawu aja amayankha mofatsa, "Eya amama, wamkuluyo, ndiye wandiuza kuti ndiimbire inu." Woimbayo sankadziwa dzina, sankadziwa mudzi, sankadziwa ngati pakhomopo pali mwana wa ku Joni, adangoimba nambala mwachisawawa, podziwa kuti m'boma la Mzimba ndi nyumba zowerengeka zimene zilibe wina kumwera, ndipo zonse zimene zidasowa mayi yemweyo ndiye wamupatsa ndi pakamwa pake. Akati aimbire mwana wakeyo, amauzidwa kuti ali kuntchito, bwana wake salola foni, ndipo nthawi yatha. Amathamangira kwa ejenti wa pamsika, amene wakhala m'kanyumba kake kopaka utoto wofiira kapena wobiriwira, anthu ali pamzere, n'kumasula ndalama ya feteleza pansonga ya chitenje, n'kutchula nambala. Ejenti amalemba m'buku lake, amadina, n'kuitana wotsatira. Pofika madzulo nambala ija yazima.

Mitundu ina ya msampha womwewo ndi yambiri, ndipo sikufunika kuifotokoza yonse. Pali uthenga waufupi wongoti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi, umene umamwazidwa kwa anthu zikwizikwi poyembekezera kuti mmodzi mwa iwo alidi ndi ngongole yoti abweze tsiku limenelo. Pali wonena kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo akupempha kuti ibwezedwe, chikhalirecho uthenga wosonyeza kuti ndalama yalowa adaulemba yekha. Pali wonena kuti mwana wagwidwa ndipo ali ku Lindela, kumene boma la South Africa limasungira ogwidwa opanda mapepala. Pali wa mphoto ya mpikisano umene munthu sadalowe, wa Mtukula Pakhomo, wa ntchito ya m'boma. Ndipo pali wodzitcha wogwira ntchito kukampani ya foni, wofuna nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. Choipitsitsa ndi cha amene amatenga simukhadi yatsopano m'dzina la mwini nambala, foni ya mwiniyo n'kungozima, ndalama zake zonse n'kusamukira kwina iye akuyesa kuti netiweki yavuta.

Ophunzira a paboma, aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi ndi amalonda amene malipiro awo amadzera kubanki, amene mwina amaseka mayi wa pachitsime uja, ali nawo msampha wawo wowayenera. Kwa iwo kumafika imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp wovala chizindikiro cha banki yawo, mtundu wake ndi kalembedwe kake komwe, wonena kuti akaunti itsekedwa mawa akapanda kutsimikiza kuti ndi iwo. Ndipo akadina linki imene yaperekedwa, amafika patsamba lofanana kotheratu ndi la banki, n'kulembapo okha nambala ya akaunti, mawu achinsinsi, ngakhale nambala ija imene banki imatumiza pafoni kuti igwire ntchito kamodzi kokha. Tsambalo si la banki, ndipo zonse zolembedwazo zagwera m'manja mwa mbala. Luso limeneli, limene pa Chingerezi amati phishing, lidayamba ku America chapakati pa zaka za m'ma 1990 pakati pa ogwiritsa ntchito AOL, ndipo pofika 2003 lidali litalunjika kwa osunga ndalama ku PayPal ndi ogula pa eBay. Pambali pake padali makalata a ku Nigeria otchedwa 419, potsata ndime ya malamulo a dzikolo yoletsa chinyengo chotere, amene adayamba pa positi ndi pa fakisi asanasamukire pa intaneti. Mabanki ndi makampani a mafoni akhala akulengeza pa wailesi kosalekeza kuti iwo safunsa munthu nambala yake yachinsinsi. Koma kalata yonamayo imafika usiku, munthu ali yekha, malipiro atangolowa, ndipo mantha a kutsekeredwa ndalama amathamanga kuposa kukumbukira zimene adamva pa wailesi.

Tikaika mibadwo yonseyi pamodzi, tiona kuti mawu a wonyenga sadasinthe: ndachokera kwa amene umamukonda kapena kwa amene umamuopa, pali tsoka, fulumira, usauze munthu. Chimene chasintha ndi malo amene mawuwo amamvekera. Pasangweni padali madoda, nsima ndi usiku wathunthu. Pansi pa mtengo wa sukulu padali mphunzitsi ndi akulu a mpingo. Pa thiransipota padali khola la atate ake. Koma pafoni patsala khutu limodzi. Njira iliyonse yatsopano idafupikitsa ulendo wa ndalama, ndipo iliyonse idachotsapo mboni imodzi, kufikira wolandira uthenga adatsala yekha ngati Isake muukalamba wake, maso atachita khungu, akumva mawu amene akumukayikitsa koma wopanda womufunsa m'hemamo. Chifukwa chake mtima wanga umawawa ndikamva anthu akutcha wobedwa chitsiru. Mayi uja adachita chimene adaphunzitsidwa kuyambira ali mwana, ndicho kulemekeza mthenga ndi kuthamangira mwana ali m'mavuto; makhalidwe amenewa ndiwo adasunga mabanja a dziko lino pamene amuna ake adabalalika zaka zana, ndipo mbala yapeza kuti ndiwo khomo losatseka. Ndipo kunyozako kumathandiza mbalayo, pakuti wobedwa, poopa kusekedwa ndi apongozi ndi kukalipiridwa ndi mwana amene adakhetsera thukuta ndalamayo, amakhala chete, mnansi wake n'kudzakodwa mawa ndi mawu omwewo.

Boma silidagone konse. Kutenga chinthu cha munthu mwa kunama udali mlandu kale m'malamulo a dziko lino. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake, pamodzi ndi lamulo latsopano la zamtokoma. Mu 2017 Amalawi adalembetsa ziphaso za unzika. Ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, poyembekezera kuti nkhope imene idachoka ndi kalata ibwerere kudzera m'chiphaso. Koma chiphaso chimabwerekedwa, chimatoledwa, chimajambulidwa kwa wosauka amene walonjezedwa thumba la chimanga, ndipo nambala zambiri zimalembetsedwa m'maina a anthu osadziwa kanthu, mwina a akufa. Apolisi ndi akuluakulu a ndende akhala akunena poyera kuti mafoni ochuluka ndithu achinyengowa amaimbidwa ndi akaidi, makamaka a m'ndende yaikulu ya ku Zomba. Ndipo munthu woganiza ayenera kufunsa kuti foni imalowa bwanji m'malo amene singano imasechedwa, imatchajidwa pati, ndipo ndalama zake amakatapa ndani kunja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamene pali wolowetsa foni, wolembetsa nambala pachiphaso cha mwini wina, ndi wotapa ndalama osafunsa, chenjezo la pa wailesi palokha likusenzetsa mtolo wonse munthu amene ali wofooka koposa onse m'nkhaniyi. Ndipo makampani amene amadula kangachepe pa ndalama iliyonse yodutsa, yoona ndi yakuba yomwe, ayenera kusenza gawo lolingana ndi phindu lawo, pofulumira kutseka nambala yodandauliridwa ndi kuimitsa ndalama isanatapidwe.

M'midzi ina anthu ayamba kumanganso linga lakale ndi zipangizo zatsopano. Mabanja amapangana kuti mwana akapatsira katundu ayambe waimba yekha, atchule dzina la thiransipota ndi mudzi wake, ndipo za msonkho wa pa boda zithere ku Joni komweko. Ena amasunga funso limene mlendo sangaliyankhe, monga madoda aja ankafunsira za chipsera ndi maanga a ng'ombe. Maejenti ena achifundo, akaona gogo akunjenjemera ndi kapepala ka nambala, amaimitsa dzanja n'kufunsa kuti agogo, mukumudziwa amene mukumutumizirayu? Mafumu amalengeza pamaliro, abusa ndi ansembe amalengeza m'matchalitchi, ndipo mphunzitsi wabwereranso pa udindo wake wakale wowerengera anthu uthenga asanauyankhe.

Mu 2023 MACRA idanena kuti Amalawi akutaya ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni. Chiwerengero chotere chimachokera kwa amene adadandaula. Ndipo mayi wa ku Khosolo kapena wa kumalire a Zambia kupitirira Edingeni, amene wabedwa ndalama ya thumba limodzi la feteleza, akawerengera mtengo wa njinga yamoto yopita kupolisi ndi kubwerako, tsiku lotayika kumunda, ndi maulendo ena amene adzaitanidwe mlandu ukadzayamba, amapeza kuti kudandaula kumudyera ndalama yoposa imene yapita, motero dzina lake sililowa m'buku lililonse.